Mfumu Milinda ndi Mazenera a Nyumba Yake

Mwa mabuku akale a chipembedzo cha Buddha liripo limodzi limene ngakhale munthu wosatsata chipembedzocho akhoza kuliwerenga osatopa nalo, ndilo lija lotchedwa Milindapanha, ndiko kuti Mafunso a Milinda. Bukuli lasungika m'chinenero cha Chipali, ndipo mwini wake wolilemba sanasiye dzina. Nkhani yake yonse ndi ya anthu awiri okhala pansi nakambirana: wina mfumu yachilendo yokonda makani, wina mkulu wa gulu la ophunzira a Buddha dzina lake Nagasena, munthu wosiya nyumba ndi chuma, wodya zopempha.

Milinda ameneyu si munthu wa m'nthano chabe iai. Akatswiri a mbiri yakale avomerezana kuti ndiye Menander, mfumu ya Agiriki imene inalamulira kumpoto chakumadzulo kwa India zaka ngati 150 Khristu asanabadwe. Agirikiwo anachokera ku Bactria, kumpoto kwa dziko limene lero litchedwa Afghanistan, kumene makolo ao anatsala atapita Alexander, uja anafika ku Punjab ndi ankhondo ake m'chaka cha 326 Khristu asanabadwe. Ndalama zachitsulo za Menander zafukulidwa zambirimbiri, mbali imodzi yolembedwa m'Chigiriki ndi inayo m'malembo a Kharoshthi. Mzinda wake wa Sagala, ambiri ati ndiwo Sialkot wa m'dziko la Pakistan. Mau a bukuli m'Chipali anasindikizidwa ndi V. Trenckner m'chaka cha 1880; T. W. Rhys Davids analimasulira m'Chingerezi m'magawo awiri, mu 1890 ndi mu 1894, ndipo I. B. Horner analimasuliranso mu 1963 ndi 1964. Ku Burma amaliwerengera pamodzi ndi malembo ao oyera.

Asanayambe kukambirana, Nagasena anaika pangano. Anauza mfumu kuti ngati ifuna kukamba monga akambira anthu ophunzira, iye ali wokonzeka. Koma ikafuna kukamba monga akambira mafumu, iye sangathe, pakuti ophunzira akatsutsidwa sakwiya, pamene mfumu ikatsutsidwa imalamula kuti wotsutsayo alangidwe. Mfumu inavomera. Pangano limeneli ndilo muyeso woyenera kuyesa nao buku lonse, chifukwa mwini wake ndiye anausankha; ndipo pouyesa muyesowo zidzaoneka kuti m'malo ena bukuli likwanira bwino lomwe, m'malo ena liperewera.

Mutu waukulu wa makani ao ndi uwu: kodi m'kati mwa munthu muli wina wake wokhalitsa, wosasinthika, amene amaona, namva, nadziwa? Buddha anaphunzitsa kuti mulibe. Fanizo lodziwika koposa m'bukuli ndi la gareta: mfumu inabwera pa gareta, ndipo Nagasena anaifunsa ngati gareta ndiye goli, kapena njinga zake, kapena mtengo wokokera, kapena zingwe, mfumu inakana chimodzichimodzi, nivomera potsiriza kuti gareta ndi dzina chabe la zonsezo zitalumikizidwa. Momwemonso, ati, dzina lakuti Nagasena. Fanizoli latamandidwa ndi ambiri, ndipo palibe chifukwa cholibwerezera pano, makamaka popeza gareta saona kanthu ndipo sadziwa kanthu. Mlandu weniweni uyamba pamene afika pa maso ndi makutu.

Pamenepo mfumu inabwera ndi fanizo lakelake, ndipo ndi fanizo labwino. Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Inati monga iwo awiriwo, pokhala m'nyumba yachifumu, akhoza kupenya kunja pa zenera liri lonse limene afuna, la kum'mawa kapena la kumadzulo, la kumpoto kapena la kumwera, chomwechonso muli moyo wina m'kati mwa thupi umene uona ndi diso, numva ndi khutu, nununkhiza ndi mphuno, nulawa ndi lilime. Munthu ali yense akadzifunsa yekha mosafulumira adzapeza kuti maganizo ake ndi omwewa. Amadziyesa ngati mwini nyumba wokhala kuseri kwa maso ake, wosuzumira kunja.

Nagasena analigwetsa fanizoli ndi mfundo zingapo, ndipo ziwiri mwa izo ziyenera kulingaliridwa bwino. Yoyamba njakuti mazenera onse agwira ntchito imodzi, ndipo wokhala m'nyumba akhoza kuona pa liri lonse. Tsono ngati diso ndi khutu ali mazenera chabe, bwanji wokhala m'katiyo saona ndi khutu, kapena kumva mau ndi diso? Yachiwiri njakuti mazenera akagumulidwa, wokhala m'nyumba amaona malo akulu koposa kale. Kotero maso atakolowoledwa, mwini nyumbayo anayenera kuona kutali kopambana, koma choonadi nchakuti saonanso kanthu. Anaonjezapo fanizo la munthu womangidwa pakamwa naponyedwa m'mbiya yodzala uchi: ngakhale uchi wamzinga thupi lonse, iye sadziwa ngati uli wozuna kapena iai, popeza sunalowe m'kamwa mwake.

Mfundo yoyambayo njolimba. Iri ndi choonadi chimene sing'anga wa masiku ano sangakane, chakuti khomo liri lonse la thupi liri ndi kudziwa kwakekwake. Munthu akamenyedwa pa diso mumdima amaona ngati moto wang'anima, ngakhale palibe moto. Mtsempha wa diso, ungagwedezedwe ndi chiani, ubala kuwala kokha basi. Diso tsono si chiboo chongolowetsa za kunja monga ziri. Koma mfundo yachiwiri iri ndi mpata, ndipo nzachisoni kuti mfumu sinauone. Ikadangosintha fanizo lake pang'ono, ninena kuti diso si zenera koma chipangizo, Nagasena akadayamba ntchito yatsopano. Nkhalamba yowerenga ndi magalasi, akailanda magalasiwo, siona zambiri koma zochepa. Ndipo palibe amene anganene kuti popeza kuwerenga kwaleka, nkhalambayo kulibe. Mmisiri wopanda sompho sasema, komabe mmisiriyo alipo. Chimene Nagasena anagonjetsa ndi zenera. Mwini nyumba sanamkhudze kwenikweni. Mfumu inangotamanda nzeru za mkuluyo nipita ku funso lina.

Chiphunzitso chimene Nagasena anaika m'malo mwa fanizo la mfumu nchakale koposa bukuli. Makomo a kudziwa ndi asanu ndi limodzi: diso, khutu, mphuno, lilime, thupi, ndi maganizo, amene m'Chipali atchedwa mano. Maganizo awerengedwa khomo monga enawo, ndipo zolowa pamenepo ndizo zokumbukira, zolingalira ndi zolota. Diso likakomana ndi chooneka, pamabadwa kudziwa kwa diso. Ndipo kukomana kwa zitatuzo, diso, chooneka ndi kudziwa, ndiko kutchedwa phassa, kukhudzana. Pa kukhudzanako pamadza vedana, ndiko kumva kukoma, kapena kuwawa, kapena kusamva chiri chonse cha ziwirizo. Pamadzanso sanna, kuzindikira kuti ichi nchofiira, icho nchoyera. Nagasena anafanizira kukhudzana ndi nkhosa ziwiri zamphongo zogundana mitu, imodzi ndiyo diso, inzake ndiyo chooneka. Anafanizanso ndi manja awiri oomba. Dzanja limodzi lokha liribe phokoso, ndipo phokosolo silinali kubisala m'dzanja lamanja kapena lamanzere. Fanizo limeneli ndi loyera ndi lokwanira, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuligwira nthawi yomweyo.

M'malembo akale a Majjhima Nikaya muli nkhani ya wophunzira wina dzina lake Sati, mwana wa msodzi, amene anali kufalitsa kuti kudziwa kumodzi komweko ndiko kumayenda kuchokera m'moyo uno kulowa m'moyo wina. Buddha anamdzudzula kolimba, nafotokoza kuti kudziwa, kumene m'Chipali kutchedwa vinnana, kuli ngati moto umene utenga dzina kwa chimene uli kutentha: moto wa nkhuni, moto wa udzu, moto wa ndowe, moto wa mankhusu. Palibe moto wokhala paokha wodikira nkhuni. Nagasena anaimirira pa maziko amenewa, ndipo wowerenga wosadziwa nkhani ya Sati sangamvetse chifukwa chake mkuluyo akana kwamtuwagalu fanizo la mazenera.

Womasulira zinthu izi m'Chinyanja amakomana ndi vuto limene liri ndi phunziro lake. Mau amodzi akuti kumva agwira ntchito pa makomo asanu: munthu amamva mau, amamva fungo, amamva kuzuna, amamva kuzizira, ndiponso amamva tanthauzo la zimene wauzidwa. Diso lokha ndilo liri ndi mau akeake. Chinenerochi tsono chaika maganizo pamzere umodzi ndi khutu ndi mphuno, monga anachitira Buddha; koma chaphatikiza makomo amene Nagasena anafunitsitsa kuwalekanitsa. Wowerenga asamale, pakuti mau amodzi akhoza kumnyenga kuti chinthunso nchimodzi.

Gawo lokoma koposa, kwa ali yense amene anayang'anirapo ana akuphunzira, ndilo lija lofunsa za mgwirizano wa diso ndi maganizo. Nagasena anati kudziwa kwa diso kumayamba, ndipo kudziwa kwa maganizo kumatsata. Mfumu inafunsa ngati choyambacho chimalamula chinzake kuti chibwere pambuyo, kapena ngati zipangana. Mkuluyo anakana kuti palibe kulamulana kapena kupangana, napereka mafanizo anai. Madzi a mvula atsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo mvula ya mawa idzatsata momwemo osauzidwa ndi ya lero. Mzinda wa linga wokhala ndi chipata chimodzi, otuluka onse adzera pomwepo. Ngolo yachiwiri itsata mkwaso wa yoyamba. Ndipo wophunzira kulemba ndi kuwerengera amayamba mwa chibwibwi, koma pozolowera dzanja limayenda lokha. Fanizo lotsirizali ndilo la mtengo wapatali. Mwana woyamba kumene amaona chilembo chiri chonse pachokha, nachitchula movutika, naiwala choyamba asanafike pa chachinai. Patapita zaka ziwiri diso likangogwa pa mau, tanthauzo lafika kale, ndipo ngakhale atafuna kuona zilembozo osaziwerenga sangathe. Palibe kapitao m'mutu mwake wolamula kuti tsopano werenga. Njira yakumbika ndi mapazi oyendamo kawirikawiri. Apa bukuli linena chinthu choona, ndipo lichinena mosavuta koposa mabuku ambiri a maphunziro a aphunzitsi.

Komatu pafupi pomwepo mwini buku anapunthwa pa mwala umene iye yemwe anauchotsa. Pofuna kufotokoza kuzindikira, anafanizira ndi msungichuma wa mfumu wolowa m'nyumba ya chuma nazindikira katundu ndi maonekedwe ake. Pofuna kufotokoza kudziwa, anafanizira ndi mlonda wa mzinda wokhala pa mphambano pakati pa mzindawo, woona munthu wochokera kum'mawa, kumwera, kumadzulo ndi kumpoto. Kodi mlonda ameneyu asiyana bwanji ndi mwini nyumba wa mfumu uja, wopenya pa mazenera anai? Amene anapitikitsidwa pa khomo lakumaso walowanso pa khomo la kuseri, atangovala malaya a mlonda. Wina adzati fanizo liri lonse liri ndi malire, ndipo nzoona. Koma Nagasena sanalole fanizo la mfumu kukhala ndi malire; analikoka kufikira linaduka. Chilungamo chifuna kuti lakenso likokedwe chimodzimodzi, ndipo mfumu yokamba monga akambira ophunzira ikadatero.

Anthu ena a ku India komweko sanavomere msanga monga Milinda. A chiphunzitso cha Nyaya, amene anali akatswiri a kutsutsana, ananena kuti munthu amazindikira kuti chinthu chimene anachiona ndi diso ndicho chomwecho ali kuchikhudza ndi dzanja. Tsono popeza diso silikhudza ndipo dzanja siliona, payenera kukhala mmodzi amene alandira zonse ziwiri nazilumikiza. Yankho la ophunzira a Buddha ndi lakuti wolumikizayo ndiye khomo lachisanu ndi chimodzi, maganizo, amene atola zochokera ku makomo enawo. Koma maganizowo naonso amabadwa ndi kutha, sakhala amodzi omwewo. Nagasena anathandiza yankholi ndi fanizo la nyali yoyaka usiku wonse: lawi la ulonda woyamba si lomwelo la ulonda wapakati, ndipo la pakati si lomwelo la mbandakucha, komabe palibe anganene kuti kwayaka nyali zitatu. Anatchulanso mkaka umene usanduka chambiko, chambiko nichisanduka mafuta. Mafanizowa aonetsa bwino m'mene chinthu chingapitirire chikusintha. Chimene saonetsa ndi m'mene chingakumbukire, pakuti lawi la mbandakucha silidziwa kuti madzulo kunali lawi. David Hume wa ku Scotland, amene m'chaka cha 1739 analemba kuti poyang'ana m'kati mwake sapeza mwini wake koma zomva zotsatizana zokha, anavomera poyera m'chaka chotsatira kuti chomangira zomvazo pamodzi chamkanika kufotokoza. Mwini buku la Milinda sanavomere kukanika kuli konse.

Ngakhale ziri tero, pali malo amodzi pamene Nagasena anaonetsa kudzichepetsa kwa munthu wophunzira, ndipo ndi pamenepo pamene bukuli lifika pamwamba penipeni. Mfumu inafunsa ngati nkotheka kulekanitsa kukhudzana, kumva, kuzindikira ndi kudziwa, ndi kuziika pachokhapachokha kuti zioneke. Mkuluyo anati nkosatheka, nafanizira ndi wophika wa mfumu amene akonza msuzi wa chambiko, mchere, tsabola ndi zokometsera zina: mfumu itamuuza kuti aipatulire kukoma kwa mchere pakokha ndi kwa tsabola pakokha, sangathe, ngakhale chiri chonse chikumveka m'msuzimo. Pa malo ena anati ntchito imene Buddha anachita potchula zinthu zimenezi maina njovuta koposa ya munthu wolowa m'nyanja yamchere, natunga madzi m'dzanja, nalawa, nanena kuti dontho ili ndi la mtsinje wa Ganges, ilo ndi la Yamuna. Mau amenewa ndi chenjezo kwa ophunzira a pambuyo pake, amene anadzaza mabuku ndi mindandanda ya zigawo za maganizo monga ngati anaziwerenga pa mphasa. Ndipo fanizo la msuzi liri ndi choonadi choposa chimene mwini wake anafuna kunena, pakuti ngakhale makomo enieniwo salekana kotheratu. Wodwala chimfine amadandaula kuti ndiwo sizikoma, pamene lilime lake liri bwino. Chatsekeka ndi mphuno. Zambiri zimene anthu amazitcha kukoma kwa chakudya nza fungo lokwera kuchokera kukhosi kunka kumphuno.

Munthu angafunse kuti makani onsewa apindulanji. Kwa ophunzira a Buddha sanali masewera a nzeru. Chiphunzitso chao nchakuti pa kumva kukoma pamamera chilakolako, pa chilakolako pamamera kukakamira, ndipo pamenepo pachokera masautso. Kotero malo oyenera kulondera ndiwo makomo aja. M'malembo a Samyutta Nikaya muli fanizo la nyama zisanu ndi imodzi zomangidwa zingwe zolumikizidwa pa mfundo imodzi: njoka ikokera ku chulu, ng'ona kumadzi, mbalame kumwamba, galu kumudzi, nkhandwe kumanda, nyani kunkhalango, ndipo yamphamvu pa nthawiyo ndiyo ikoka zinzake zonse, kufikira zitamangidwa pa mzati wolimba. Koma kulondera sikutanthauza kutseka. Mnyamata wina dzina lake Uttara atauza Buddha kuti mphunzitsi wake Parasariya aphunzitsa kusaona ndi kusamva, Buddha anayankha kuti ngati nditero ndiye kuti wakhungu ndi wogontha ndiwo aposa onse. Buku la Milinda likadakhala lamphamvu koposa likadaika mbali imeneyi patsogolo, chifukwa m'magawo a diso ndi khutu wowerenga akhoza kuyesa kuti awiriwo angopikisana nzeru, osazindikira kuti kwa mmodzi wa iwo nkhaniyo inali ya moyo wake wonse.

Cholakwa chachikulu cha bukuli tsono chiri mwa mfumu. Mafunso ake ngakuthwa, koma ikayankhidwa kamodzi imagonja, ndipo mau ake otamanda Nagasena abwerezedwa kufikira atopetsa. Mphunzitsi ali yense adziwa kuti kalasi loyankha inde pa funso liri lonse silinamve kanthu. Fanizo limaunikira, koma silitsimikiza mlandu. Ndipo mwini buku, pokhala wa mbali ya Nagasena, sanapatse mfumu funso lachiwiri pa malo amene linafunika koposa. Komabe asanyozedwe kopitirira. M'magawo oyamba mfumu iri ndi moyo: iseka, ichenjera, ndipo ikumbukira kwao. Pamene inakayika kuti womwalira angafike msanga chimodzimodzi ku dziko lakutali ndi lapafupi, Nagasena anaifunsa kumene inabadwira, niyankha kuti ku mudzi wa Kalasi, kutali ndithu; ndipo anaiuza kuti iganize za Kalasi, iganizenso za Kashmir amene ali pafupi, ninene kumene maganizo anafika msanga. Umu muli mfumu yeniyeni, mlendo m'dziko limene alilamulira.

Magawo a pambuyo alibe moyo wotere. Ophunzira ambiri akhulupirira kuti anaonjezedwa ndi manja ena, ndipo umboni wao ngwakuti bukuli linamasuliridwa m'Chitchaina kalekale, ndipo la Chitchainalo ndi lalifupi, lolingana ndi magawo oyamba okha. M'magawo oonjezedwawo mayankho atalika, mafanizo aunjikana khumikhumi pa mfundo imodzi, ndipo mfumu yasanduka mwana wa sukulu wongopereka mitu ya ulaliki. Pa mapeto pake bukuli linena kuti Milinda anasiyira mwana wake ufumu, nalowa m'gulu la osiya nyumba, nafika pa chiyero chotsiriza. Plutarch, Mgiriki wolemba mbiri, anasimba zina: kuti Menander anamwalira ali kumisasa ya nkhondo, ndi kuti mizinda ya m'dziko lake inalimbirana phulusa la mtembo wake, kufikira inagwirizana kuligawana, uli wonse numanga chikumbutso pa gawo lake.